Anganga Amene Ndinawayeza Kawiri

Bango lija ndinaimika ndine. Ndayambira pamenepa chifukwa chiikireni anganga a Mukhuna mwezi wathawu, nkhani ija yadzukanso ndipo yamera miyendo yatsopano. Ku chigayo akuti linachoka lokha kumanda. Ku mjigo akuti kunsonga kwake kunali magazi. Mayi wina wa ku Likoswe, amene tsikulo sanalipo n'komwe, akulumbira kuti anakumana nalo pamsewu likudumphadumpha dzuwa lili paliwombo. Ayi ndithu. Ndinalidula ndine ndi chikwanje cha amayi anga, ndinalinyamula ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene linakwanirana ndi msinkhu wawo ndimadziyamikira ndekha.

Anganga a Mukhuna anali mlongo wawo wa agogo anga aakazi obereka amayi. M'mudzi mwathu, kuseri kwa Mauwa, ntchito yawo inali yoyeza akufa. Munthu akatisiya, mwana ankathamanga kukawaitana amayi asanayambe kulira mokweza. Iwo ankatsikira kudambo, n'kudula bango, n'kulowa nalo m'nyumba ya siwa momwe mwagona mtembo. Zimene ankachita m'menemo ana sitinkaloledwa kuziona. Tinkangoona bangolo likutuluka litadulidwa pamsinkhu wa malemuyo, likupita kwa kalipentala wokhoma bokosi, kenako kwa adzukulu okumba manda, ndipo pomaliza linkalowa m'dzenje limodzi ndi mwini wake. Ankati ntchitoyi anaitola kwa bambo awo, amenenso anaitola kwa makolo aja anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki.

Anali ndi malamulo awoawo, ndipo sankawafotokoza kawiri. Bango loyezera silidulidwa munthu akadapuma, ngakhale atadwalika chotani. Silinyamulidwa choimirira, limayenda chogona ngati mwini wake, chifukwa bango loimirira ndiye kuti likudikira munthu. Sililowa pabwalo pa nyumba imene mulibe maliro. Kalipentala wathu atagula tepi yoyezera, anakangana nawo mpaka anthu kusonkhana. Iwo ankati vuto la tepi ndi lakuti imabwerera kunyumba: lero yayeza mtembo, mawa ikuyeza chitseko cha anthu amene angokwatirana kumene. Kalipentala anawatcha achikale. Patapita nthawi mayi ake atamwalira, anatumiza mwana kukawaitana ngati wina aliyense, tepi ili m'thumba.

Ankakangananso ndi akuluakulu a mpingo, amene ankati zoika bango m'manda n'zachikunja komanso kuti fodya wam'mphuno sayenera munthu wobatizidwa. Anganga sankayankha zambiri. Ankangowafunsa kuti pamene abusa akale anamwalira, anawayeza ndi vesi liti. Koma mkangano wautali kuposa yonse unali wa iwo ndi a Faresi, mayi woluka mphasa. Kudambo kuli kachigawo ka mabango owongoka kwambiri, kufupi ndi madzi akuya, kamene anganga ankati n'ka anthu apaulendo wosabwerera. A Faresi ankati bango ndi bango, Mulungu sanalembepo dzina la munthu. Chaka chilichonse ankadulako pang'ono mobisa, ndipo chaka chilichonse anganga ankaima pakhomo pawo n'kuwauza kuti mphasa yotere ogonapo ake salota bwino. Mphasazo zinkagulidwa ndi anthu akutali okha.

Chimene anthu ankawaopera kwenikweni anali maso. Mukakumana nawo panjira, asanayankhe moni, maso awo ankayambira kuzala zakumapazi kwanu, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka paliwombo, n'kuima kanthawi pamapewa. Sankachita dala. Chinali chizolowezi cha ntchito, ngati mmene wogula mbuzi amaigwirira pamsana. Koma amayi oyembekezera ankapatukira m'chimanga, ndipo kutchalitchi benchi yawo inkakhala ndi malo ngakhale pa Khirisimasi. Mowa sankaulawa, ankati dzanja la woyeza lisamanjenjemere. Anali wamtali, woonda, woyenda mowongoka ngati mlongoti. Pakamtsinje kathu pali mtengo umodzi wogonekedwa umene timawolokera, woterera nthawi ya mvula. Anyamata timadutsapo titatambasula manja. Iwo ankadutsapo atanyamula bango chogona m'manja onse awiri, maso ali kutsogolo, osayang'ana pansi.

Chinthu chimodzi chokha sanachiyeze bwino, ndiwo magazi awo. Ku chipatala cha ku Mauwa anawauza kalekale kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, n'kuwapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse. Anamwa mpaka botolo linatha, n'kulengeza kuti achira. Botololo analitsuka bwinobwino n'kumasungiramo fodya.

Tsono chimene chinandiyambitsa ine n'chaching'ono. Ndili Fomu 2, ndinaima pamsika ndi mtsikana wina amene dzina lake silikufunika pano. Anganga anatulukira, maso awo n'kukwera nane kuyambira pansi, kenako anauza mtsikanayo mwaulemu kuti mnyamatayu wakula msanga, tsopano akufunika bango la kumadzi akuya. Mtsikanayo anapita osatsanzika. Mdzukulu ndi anganga ake amaseleulana, ndi mwambo, ndiye ndinaona kuti ngongole ya nthabwala imabwezedwa ndi nthabwala. Masana ena atagona pakhonde pamphasa yawo, ndinawayeza ndi luzi kuyambira kuchidendene mpaka pamutu. Sanagwedezeke. Ntchentche inatera pachikope chawo, osaphethira, ndipo ndinachita kusendera kuti ndione ngati chifuwa chikukwera.

Lamulungu lotsatira ndinanamizira m'mimba. Anthu onse atapita kutchalitchi, ndinatsikira kudambo, ndinadula bango m'kachigawo kawo komwe, ndinalilinganiza ndi luzi lija, n'kukaliimika pakhoma pambali pa chitseko chawo. Kenako ndinabisala kuseri kwa khola la mbuzi.

Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene ngakhale nkhuku zimangoyasama pamthunzi. Anganga anabwera okha patsogolo pa onse, monga mwa masiku onse, pakuti palibe ankakonda kuyenda nawo limodzi. Atafika pakati pa bwalo anaima. Maso awo anayambira patsinde pa bangolo, n'kukwera nalo mpaka kunsonga, ngati mmene ankachitira ndi anthu. Anavula chipewa. Kenako anapita n'kukaima pambali pake, msana kukhoma, ngati mwana amene akumuyeza msinkhu kusikelo. Anaika chikhatho pamutu pawo n'kuchisuntha cham'mbali, ndipo chinakagunda nsonga ya bango ndendende. Ine kuseri kwa khola ndinali nditaluma malaya kuti phwete lisatuluke.

Anaima choncho kanthawi. Kenako anagwira kunkhongo ndi manja onse awiri n'kutembenuka msanga, ngati munthu amene wagendedwa.

"Ndani?" anafunsa motsitsa.

Kumbuyo kwawo kunali khoma lokha. Anayamba kuyenda kulowera pampando wawo, koma miyendo inawatengera cham'mbali ngati nkhanu. Munthu uja ankawoloka pamtengo osayang'ana pansi anatambasula dzanja kuti agwire nsanamira ya khonde, dzanjalo n'kuidutsa, n'kugwira mphepo. Anagwa cham'mbali ndipo anayamba kusanza. Mbuzi m'khola zinasiya kubzikula.

Anthu ochokera kutchalitchi anawapeza choncho, bango lili chiimire pamwamba pawo. A Esinati, akazi awo, anataya Baibulo pansi. Anawanyamula n'kuwagoneka pamphasa, ndipo aliyense anayamba udokotala. Wina anati ndi sitiroko, koma pakamwa sipanapindike, ndipo atawauza kuti afinye dzanja la mkulu wa mpingo, analifinya mpaka mkuluyo anadzuma. Miyendo yonse inkaponda mwamphamvu. Wina anati alawa kachasu, popeza mawu ankatuluka olemera, odukaduka, koma atawanunkhiza mkamwa anangopeza fodya. Iwo ankangoti nyumba ikuzungulira, awagwire kuti mphasa isawataye. Choopsa chinali maso aja. Ankathamangira mbali imodzi n'kubwerera, kuthamanganso n'kubwerera, osapuma, ngati akutsatira chinthu chimene chikudutsadutsa pabwalopo chimene ife tonse sitikuchiona. Anthu ena anayamba kucheukira komwe masowo ankathamangira.

Kwathu munthu akagwa mwadzidzidzi atagwira kunkhongo, yankho limakhala lophikaphika. Amati mfiti zamumenya ndi hamala yosaoneka, ndipo amati kawirikawiri zimatuma ana amene zawaphunzitsa. Mawu akuti hamala anayamba kuyenda pakati pa anthu monong'ona. Bambo wina wogula tomato anabweretsa galimoto yake mpaka pabwalo, koma anganga anakana kukwera. Anati bango laima, muyezo watengedwa kale, asavutitse munthu ndi ulendo wopanda pake, angowasiya afere pakhonde pawo. Mawu awo pankhani ya imfa palibe ankawatsutsa m'mudzi muno. Mwini galimoto anazimitsa injini. Ndipo maso a anthu, mmodzimmodzi, anayamba kutembenukira kwa a Faresi, mayi wa mabango, amene anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kumasula duku lawo.

Apa ena amati ndinagwidwa chisoni. Kunena zoona, chinandipweteka n'chakuti ntchito yabwino ngati imeneyo ikupatsidwa kwa a Faresi, amene mphasa zawo sizilingana n'komwe m'mbali. Ndinatuluka kuseri kwa khola n'kunena kuti bangolo ndaimika ndine, inali nthabwala chabe.

Ndinkayembekezera makofi. Makofi ndimawadziwa, sindiwaopa. Koma palibe anandigwira. Anthu anangofutukuka pang'onopang'ono, mpaka ndinapezeka ndili ndekha pakati pa bwalo, mthunzi wanga uli kunsi kwa mapazi. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo kwa chitenje. Kenako bambo wina wachikulire anandifunsa ndi mawu ofatsa kwambiri, ngati akufunsa njira.

"Wakuphunzitsa ndani, mwana iwe? Nanga hamalayo waisiya kuti?"

Ndinayang'ana amayi anga. Anali atagwira pakamwa, ndipo m'maso mwawo ndinaona kuti nawonso akudikira yankho.

Anganga ndi amene analankhula. Anati awapatse bangolo. Palibe anasuntha, ndiye ndinapita ndekha, ndinaligwetsa, n'kubwera nalo chogona m'manja awiri monga mwa lamulo lawo. Anatambasula dzanja, linaphonya. Anayesanso, linapitirira n'kukandigunda pachifuwa. Ndinachita kuliika m'chikhatho mwawo. Anatseka maso othamangathamanga aja n'kuyamba kuliyendetsa chala chachikulu, mfundo ndi mfundo, kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, n'kubwereranso. Pabwalo ponse pankangomveka kukhwekhwereza kwa chikhadabo pabango.

"Mphini ili kuti?" anatero, lilime likulemera. "Mapewa anga wawaika pati?"

Tsikulo ndi limene ndinadziwa zimene zinkachitika m'nyumba ya siwa. Akayeza kutalika, ankapingasa bangolo pamapewa pa malemu n'kulitema kachizindikiro ndi mpeni, kamene ankakatcha mphini, kuti wokhoma bokosi ndi okumba manda adziwe kutambalala kwake. Bango lopanda mphini si muyezo wa munthu. Ndi bango basi.

"Amene amabwera kudzatenga munthu saiwala mapewa," anatero. "Iyi ndi ntchito ya mbuli ya Fomu 2. Ndinyamuleni. Ndikachire, ndidzamukoke khutu."

Injini inaliranso.

Za kuchipatala ndinazimva kwa a Esinati ndi amayi anga, amene anapita nawo. Ku Mauwa anamwino anawapima magazi padzanja lina, n'kupimanso linalo ngati sakukhulupirira makina, ndipo sanawasunge. Anawatumiza ku chipatala cha kuboma, akumeneko n'kuwapititsa ku chipatala chachikulu ku Blantyre kuti akawajambule m'mutu. A Esinati akuti ataona amuna awo akulowetsedwa m'chibowo cha makina a sikani, chogona, mutu patsogolo, manja ali m'mbali, anayamba nyimbo ya maliro mpaka anawatulutsa panja. Anganga pambuyo pake ankadandaula kuti makinawo anawayeza osapempha.

Chithunzi chitatuluka, adokotala anawaonetsa kachigamba koyera chakumunsi, kumbuyo kwa mutu, kakakulu ngati dzira la njiwa. Anati amenewo ndi magazi. Anafotokoza kuti pansi pa ubongo waukulu, kunkhongo, kuli ubongo wina waung'ono. Umenewo supereka mphamvu m'manja kapena m'miyendo, n'chifukwa chake anganga ankafinya bwinobwino. Ntchito yake ndi kulondolera: kuimika munthu osagwa, kuperekeza dzanja mpaka pakapu, kuwongolera lilime ndi maso. Kamtsempha kena m'menemo, katatopa ndi magazi othamanga kwa zaka zambiri popanda mankhwala, kanaphulika. A Esinati anafunsa mosazungulira ngati si hamala. Adokotala anawaonetsa fupa la mutu lonse lili lathunthu, n'kunena kuti chawamenya chachokera mkati, ndipo chikanatha kuchitika ali kumunda kapena ali kuchimbudzi, ngakhale kudzidzimuka kungathe kukhala kuti kunangomalizitsa. Ine m'mawu onsewo ndinasungamo za kumunda ndi kuchimbudzi.

Anawachenjezanso kuti malo a kunkhongo ndi opanikizika. Magaziwo akawonjezereka kapena pakatupa, zimakanikiza malo amene amayendetsa kupuma, ndipo zikatero pamafunika kutsegula mutu msangamsanga. Popeza anali ochepa, anaganiza zotsitsa kuthamanga kwa magazi ndi mankhwala n'kumawayang'anira. Anauza a Esinati kuti akaona tulo tachilendo, toti munthu sakudzuka bwino, aitane anamwino nthawi yomweyo. Ndiye a Esinati anapeza njira yawo yoyesera. Pakapita kanthawi ankawagwedeza n'kuwauza kuti atchule anthu amene anawayeza. Anganga, maso ali chitsekere, ankayamba kutchula maina a akufa a m'mudzi mwathu motsatana, kuyambira akale, mawu akutuluka limodzilimodzi, aliyense ndi msinkhu wake. Odwala a mabedi oyandikana nawo anapempha kuti awasunthe.

Kumudzi kuno nkhani ya chithunzi itafika, sinasinthe zambiri. Anthu anati hamala ya mfiti siswa fupa, ikanakhala yoswa fupa bwenzi ili hamala ya kalipentala. Mlandu wanga unangoimikidwa podikira chinthu chimodzi: anganga abwera atakhala, kapena atagona. Zitumbuwa za amayi anga pamsika zinkabwerera zonse. Kusukulu ndinali ndi desiki langalanga, kumjigo sindinkaima pamzere, ndipo zimenezi sindinganame kuti zinkandiipira. Koma galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, anthu ankasiya makasu n'kuiyang'ana, ikadutsa n'kutembenukira kwa ine.

Bango lija linatsala chigonere pakhonde, palibe wolikhudza. Tsiku lina mwana wina anaona kuti pamfundo imodzi patuluka kamphukira kobiriwira. Mudzi wonse unapita kukaona, uli chapatali. Ena anati ndiye kuti mwini wake ali moyo. Ena anati bango lodulidwa likaphuka ndiye kuti ladya kanthu. Zoti ine ndinkalithirira madzi m'mawa uliwonse popita kusukulu ndikuziulula lero.

Anabwera atakhala. Anali ataonda kwambiri, ndipo kuchoka pagalimoto kufika pakhonde anachita kuwagwira uku ndi uku, mapazi akuponya patalipatali ngati mwana wophunzira kuyenda. Atakhala pampando wawo anaitanitsa madzi, kapu n'kukafika patsaya. Kenako anaitanitsa ine. Ndinagwada patsogolo pawo, anthu akuonerera. Anakweza dzanja kulunjika khutu langa lakumanzere, ndipo dzanjalo likamayandikira linayamba kugwedera, n'kukathera m'mwamba kuseri kwa mutu wanga. Anati palibe kanthu, khutu silithawa.

A mafizo, madokotala olimbitsa thupi a kuchipatala cha kuboma, anawapatsa zochita zambiri: kukhala osatsamira, kuimirira atagwira tebulo, kuyenda potsata mzere, ndi kugwira mphuno yawo kenako chala cha munthu wina, mobwerezabwereza. Anganga anati chala cha munthu alibe nacho mlandu. M'malo mwake anaika khutu langa. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkagwada pakhonde, iwo n'kumayesa: mphuno yawo, khutu langa, mphuno yawo, khutu langa. Ankagwira tsitsi, ankagwira mphepo, tsiku lina anandilowetsa chala m'diso. Akatopa ankaika dzanja paphewa panga n'kumayenda nane kuzungulira bwalo, akudzandira, akutukwana pansi kuti pakuthawa. Anthu odutsa ankaona mfiti ikuyendetsa munthu amene inamumenya hamala, ndipo nkhaniyo inayamba kuwavuta kuimvetsa. Mapiritsi tsopano a Esinati ankachita kuwaimirira mpaka ameze, ndipo fodya anasamukira m'kachitini.

Mvula inagwa, chimanga chinacha, tinakolola. Nandolo atayamba kuuma, tsiku lina dzanja lija linanyamuka pamphuno, linabwera mowongoka osagwedera, n'kutseka pakhutu langa ngati msampha. Anakoka. Anakokeranso miyezi yonse ija. Ndinakuwa mpaka a Faresi anatuluka m'nyumba mwawo, ndipo madzulo ake zitumbuwa za amayi zinatha zonse.

Sanabwerere mwakale ndithu. Mawu awo anatsala odukaduka, ankayenda atatangadza pang'ono ndi ndodo, ndipo pamtengo wowolokera paja sanapondeponso. Ankazungulira kumlatho wa kumsewu, ulendo wautali, maliro n'kumawadikira. Koma ankayezabe, ndipo maso aja atakhazikika anayambiranso kukwera ndi anthu kuchokera kumapazi. Bango langa analiumitsa n'kuligoneka pamitanda ya denga m'nyumba mwawo. Nditawakumbutsa kuti lamulo lawo lomwe limaletsa bango m'nyumba yopanda maliro, anati limenelo si bango loyezera, ndi ntchito yosamaliza.

Chinawatenga si mutu. Chinali chibayo cha m'nyengo yozizira ino, patadutsa dzinja lachiwiri, ndipo anapita mwakachetechete pamphasa yawo. Mwana wothamanga kukaitana woyeza anasowa kolowera. Anthu ali chikhalire panja, a Esinati anatuluka, maso awo n'kundipeza pakati pa anyamata.

"Anganga ako anasiya mawu," anatero. "Akuti ukamalize ntchito yako."

Ndinalowa m'nyumba ya siwa koyamba m'moyo wanga. Munali mdima wa masana, wonunkha utsi ndi fodya. Ndinatsitsa bango padenga, lopepuka, lotuwa ndi mwaye, kamphukira kaja kataumira pamfundo pake. Ndinaligoneka pambali pawo. Linapitirira pang'ono kumutu, matenda anali atawafupikitsa, ndiye ndinalidula. Kenako ndinalipingasa pamapewa. Diso lawo limodzi silinatsekeke bwino, ndipo pamene ndinawerama ndi mpeni linali lolunjika kumapazi kwanga. Sindinadikire kuti likwere. Ndinatema mphini, yakuya, yoti chala chisaiphonye, khutu langa lakumanzere likutentha ngati laphikidwa. Ndinatuluka nalo chogona m'manja awiri, ndipo anthu anandipatukira njira mpaka kwa kalipentala.

Pakhonde pawo tsopano pali zii. Mpando uja a Esinati anaulowetsa m'nyumba, koma miyendo yake inasiya timaenje tinayi m'dothi, ndipo patsogolo pake pali malo osalala pomwe ndinkagwada. Kuzungulira bwalo kukuonekabe kanjira kamene tinakaponda awiri, kokhotakhota koyambirira, kowongoka chakumapeto. Pakhoma pambali pa chitseko, pomwe nsonga ya bango inatsamira, pali kachipsera kakang'ono. A Esinati azirapo kawiri, koma dothi likauma kamaonekanso, pamsinkhu wa munthu amene kulibe. Kudambo kachigawo kaja kawirira, ngakhale a Faresi chaka chino sanadulemo. Mphepo ikamawomba mabango onse amawerama, koma pali limodzi chakumadzi akuya limene ndaliona kuti ndi lofanana nane. Limenelo ndimangolipatsa moni n'kudutsa.

Akuluakulu atakhala pansi maliro asanaikidwe anagamula kuti, popeza ndinayamba ndekha popanda wondituma, ntchito yoyeza ndi yanga mpaka nanenso adzandiyeze. Amayi analira. Ine ndinafunsa ngati woyeza amadya limodzi ndi adzukulu, amene amapatsidwa chakudya anthu ena onse asanalawe, ndipo anati inde. Pamaliro a anganga ndinadya ntchafu ya nkhuku ndi nthutumba yomwe. Dzulo pamzere wa m'mawa kusukulu ndinawayang'ana aphunzitsi a masamu kuyambira kunsapato, pang'onopang'ono, n'kuima kanthawi pamapewa. Mayeso a Lachisanu awaimitsa kaye.